Darlene Agwira Chiwongolero

Merle Hruska anayendetsa mathiraki zaka makumi atatu. Atapuma pa ntchito anagula kalavani, nyumba yokokedwa ndi galimoto, yoti azikaona nayo dziko ndi mkazi wake Darlene, koma pasanathe miyezi itatu maso ake anayamba kuchita chifunga, ndipo dokotala anamuletsa kuyendetsa. Kalavaniyo inangokhala kuseri kwa nyumba yawo ku Nebraska chaka chathunthu.

Tsiku lina Darlene anati, "Tikupita ku Montana kukaona mwana wathu. Ndiyendetsa ine."

"Iweyo? Unayamba wakokapo chiyani?"

"Ndiye uzindiuza. Pakamwa suvutika."

Anamuuzadi. Katundu wolemera akhale kutsogolo kwa matayala a kalavani. Pokhota azitalikira kaye, asaiwale kuti kumbuyo kukubwera nyumba yonse. Darlene ankangovomera.

Tsiku lachiwiri, ali m'chigwa cha mphepo ku Wyoming, chithiraki chinawapitirira mothamanga. Kalavani inayamba kudzandira, uku ndi uku, mpaka galimoto nayo inayamba kuvina. Phazi la Darlene linathamangira ku buleki.

"Usaponde," anatero Merle, mawu ali pansipansi. "Ingochotsa phazi pa mafuta. Chiwongolero chigwire mowongoka, usalimbane ndi kalavaniyo."

Liwiro litatsika, kalavani inabwerera mumzere. Darlene anaimika galimoto pambali pa msewu.

"Unadziwa bwanji kuti ndikufuna kuponda?"

"Ndinamva utasiya kupuma."

Madzulo anafika pamalo oimikapo makalavani, ndipo panafunika kulowa chammbuyo pakati pa mitengo iwiri. Merle anatsika kuti amulondolere, monga ankachitira ndi madalaivala atsopano. Darlene anamuona pagalasi akukupiza dzanja mwamphamvu, koma kumene ankalozako kunali mtengo. Darlene anazindikira kuti mwamuna wake sakuuona mtengowo. Kenako anatsitsa windo.

"Merle, bwera udzakhale pano. Ndimamva bwino ukakhala pafupi."

Merle anabwera nalowa m'galimoto. Atakhala anati, "Gwira pansi pa chiwongolero. Kumene dzanja lapita, kalavani nayo ipita komweko. Pang'onopang'ono."

Darlene analephera kasanu, anthu oyandikana nawo akuonerera, zitini za mowa zili m'manja. Kachisanu ndi chimodzi kalavani inalowa. Merle anaizungulira akuipapasa.

"Yapendama."

"Ugonamo yopendama yomweyo, mkulu."

Kutacha, ali pamsewu, Merle sanapereke malangizo alionse. Darlene anadikira, nadikira, mpaka anayamba kuwasowa. Chakumasana mwamunayo anatembenukira kuwindo.

"Mapiri ayamba kuoneka?"

"Eya, kumanzereku."

"Pamwamba padakali chipale chofewa?"

Darlene anachepetsa liwiro kuti aonetsetse, nayamba kumufotokozera phiri lililonse, kuyambira lakutali.