Malaya M'chitsulo pa Nsanjika Yachisanu

Ine ndi alamu anga, amuna awo a achemwali, timatsuka mawindo a nyumba zosanja. Pantchito amatchedwa Abuluzi, poti khoma kwa iwo ndi msewu. Ine ndinali watsopano, wongoyang'anira zingwe padenga.

M'mawa umenewo anatsika ndi ndowa yawo akuimba likhweru. Atafika pa nsanjika yachisanu, likhweru linaduka.

"Mlamu, malaya alowa m'chitsulo."

Ndinasuzumira. Nsonga ya malaya inali itakokedwa m'chitsulo chotsikira pa chingwe, chitsulocho n'kumanga gwa. Kugwa sakanagwa, chingwe chachitetezo chinalipo, koma kulendewera nthawi yaitali kumapha miyendo. Ankafunika kukwera pang'ono kuti chitsulo chipepuke. Nanga munthu angakwere bwanji chingwe chosalala, mapazi ali lende?

Ine yankho ndinali nalo. Miyezi itatu ndinakhala ndikuphunzira kumanga mfundo ina ya chingwe pa mwendo wa tebulo kunyumba, iwo akundiseka kuti ndikumanga mbuzi.

Ndinawatsitsira kachingwe kowonda kolumikizidwa nsonga zake ngati mkanda.

"Kazungulizeni pa chingwe chachikulu, pamwamba pa chitsulo," ndinatero. "Katatu, ndipo ulendo uliwonse muzikalowetsa mkati mwake momwe."

"Zapiringizana."

"Masulani muyambirenso. Mizere igone moyandikana ngati zala, isakwerane."

Apa n'kuti anthu a m'maofesi atasiya makompyuta, mphuno zili pagalasi. Mayi wina anali atagwira kapu ya tiyi m'malere, kumwa ataiwala.

"Tsopano kankhirani mfundoyo m'mwamba ndi dzanja. Ikuyenda?"

"Ikuyenda. Ndiye chinthu choyenda chindigwira bwanji?"

"Mukachilemera chimaluma. Pondani m'kachingwemo muimirire."

"Kachingwe ka nsapato aka? Achemwali anu mukawauza chiyani?"

"Ndikawauza kuti munafa ndi makani. Pondani, alamu."

Anaponda. Mfundo ija inafinya chingwe, osatsetsereka ngakhale pang'ono. Anaimirira pa mwendo umodzi, chitsulo chinapepuka, malaya anatuluka atang'ambika mpaka pachifuwa. Mkati mwa ofesi munamveka m'manja ngati mvula pa malata.

Ine padenga ndinalumpha ndekhandekha, kukuwa ngati wagoletsa chigoli. Nditaona kuti aponda pansi, ndinatsika masitepe a nsanjika zisanu ndi zinayi ndikuthamanga, chikepe n'kuchiiwala.

Ndinawapeza atakhala pa simenti, mimba pamtunda, mlonda akuwamwetsa madzi. Kachingwe kaja anali akukatembenuza m'manja.

"Katatu basi?" anafunsa.

"Chingwe chikanyowa, kanayi."

Woyang'anira nyumbayo anatuluka, n'kufunsa ngati alamu ali bwino, kenako n'kuyang'ana m'mwamba. "Nanga mawindo otsalawo?"

Alamu anavula lamba wawo wokwerera, n'kundiponyera.

"Atsiriza ndi awa."

Ndinatola ndowa n'kukwera, lambayo ndikumangira m'chikepe momwemo.