Mpendadzuwa Woyetsemula

Mayi wa pasikelo anali atagwira ntchito pafakitale yoyenga mafuta ophikira zaka khumi ndi ziwiri. Lole ikabwera ndi mpendadzuwa ankaiyeza polowa, n'kuiyezanso potuluka itatsitsa katundu. Koma lole ya bambo wina, amene anthu ankamutcha Mwaswera chifukwa chokonda kupereka moni, inkamuzunguza mutu. Pasikelo inkalemera bwino, koma matumba ake akafika mosungira katundu ankapepuka.

Lachitatu lina masana, dzuwa likuswa mtengo, Mwaswera anaimika lole pasikelo.

"Mwaswera bwanji, amayi? Ana kunyumba? Mwendo uja?"

Mayiyo asanayankhe, pansi pa lona wophimba matumba panamveka kuyetsemula.

"Ndi injini imeneyo, yakalamba," anatero Mwaswera msangamsanga.

"Pepani nayoni," anatero mayiyo. "Sikelonso yangofa kumene. Musasunthe lole mpaka wokonza abwere."

Anatulutsa mpando, nakhala pamthunzi. Anathira madzi ozizira m'kapu kuchokera m'mwamba kuti amveke bwino, n'kumamwa pang'onopang'ono. Mwaswera ankangozungulira lole, thukuta lili kamukamu.

Patatha pafupifupi ola, lona uja anayamba kugwedezeka.

"Akamwini!" anakuwa mawu a munthu wamkulu. "Munati mphindi zisanu! Mukufuna andiyenge ine?"

Anatulukira apongozi ake a Mwaswera, mayi wathupi ndithu, mpango uli pambali, makoko a mpendadzuwa ali mbuu kumaso. Pambuyo pawo panatsika ana awo awiri, alamu ake a Mwaswera, akuyang'ana pansi. Ulendo uliwonse atatuwa ankalowa atabisala pakati pa matumba, n'kukatsikira kuseri, kenako n'kutulukira pakageti ka antchito.

Sikelo inachira pompo. Inatsika ndi makilo mazana awiri ndi makumi atatu.

"Mbewu iyi sitigula kuno, bambo," anatero mayiyo, akupatsa gogoyo mpando ndi madzi.

Gogoyo anagugudiza makapu atatu, kenako anamunong'oneza: "Mwanawe, pamenepo anga ndi angati?"

Mayiyo anawakweza okha pasikelo, n'kuwauza kukhutu.

"Bodza!" anakalipa. "Yafadi sikelo yanuyi."

Mayiyo sanakanene kwa abwana. Anangolamula kuti kuyambira tsikulo Mwaswera azivundukula yekha lona pageti, alonda akuonerera. Pobwerera, apongozi analanda makiyi n'kupatsa mwana wawo wamkulu, iwo n'kukhala kutsogolo. Mwaswera anakwera kumbuyo, ndipo anadutsa pageti atagwira chipewa kuti chisauluke.