Dokotala wa Asisi

Asisi anali ndi vuto la maso, koma magalasi ankawakana kwamtuwagalu. “Ndizioneka ngati aphunzitsi opuma ntchito ndisanakwatiwe n'komwe?” ankatero. Kusaluni kumene ankaluka tsitsi zala zinkawaonera, koma mumsewu ankayenda akutsinzinira, nthawi zina n'kupatsa moni mtengo wa magetsi.

Tsiku lina anafika kunyumba akumwetulira okhaokha.

“Amayi, ndapeza munthu. Wamtali, wooneka bwino. M'mawa uliwonse amadutsa pasaluni atavala chijasi choyera, kulowera kuchipatala.”

“Dokotala!” anakuwa amayi, mbale n'kuwapulumuka.

Amayiwa anali atakana kale kalipentala ndi wokonza mawailesi, ati mwana wawo ndi wokongola, sangathere pa anthu a fumbi. Sabata isanathe, mzere wonse wa nyumba zathu unali utamva. Ena anayamba kubwera kudzawafotokozera amayi za msana ndi mawondo.

Mlendoyo anabwera Loweruka masana. Amayi anatulutsa makapu a m'kabati aja, amene ife sitinamwerepo chibadwire. Ine ndinali pawindo. Ndinaona munthu akutsika panjinga, wamfupi, wadazi, makutu ngati zogwirira poto. Kutalika konse kuja chinali chipewa cha kuntchito ndi majombo.

Atakhala pansi, abambo anayamba mafunso.

“Kuchipatalako muli mbali iti, achimwene?”

“Kuseri kwake, bambo.”

“Ndiye kuti mumachita maopaleshoni?”

“Kudula ndimadula ndithu. Patsiku ng'ombe ziwiri, mbuzi zikapezeka.”

Amayi anaika kapu yawo pansi. Abambo anakhosomola nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati chiwindi chimafika tsiku lililonse.

Lolemba amayi anawakoka asisi pamkono mpaka kwa opima maso, ndipo anabwerako atavala magalasi. Madzulo ake wabutchala uja anaima pasaluni monga mwa masiku onse, ine ndilipo. Asisi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumajombo, anavula magalasi, anawapukuta, n'kuvalanso.

“Mutu wanu ndi umenewu?”

“Ndi womwewu, kuyambira kale.”

“Ine ndimayesa ndinu okongola.”

“Inenso ndimayesa mumanditsinzinira diso,” anayankha. “Miyezi itatu ndakhala ndikudzimva, mpaka ndinagula sopo wonunkhira. Kani simumaona?”

Asisi anaseka mpaka anakhala pampando wa kasitomala, misozi ili mbwee. Wabutchala anangoima pakhomo, chipewa chili m'manja, akudikira kuti amuthamangitse. Asisi anamuuza kuti alowe, asatseke mphepo.

Kunyumba amayi anali akudikira pakhonde.

“Wamuona tsopano?”

“Ndamuona, amayi. Nkhope yokha palibepo.”

“Ndiye?”

“Ndiye sanandinamizepo. Udokotalawo munamupatsa ndinu. Okongola aja ndakhala nawo, amangodziyang'ana pagalasi la saluni ine ndikulankhula. Uyu amamvetsera, ndipo amandiseketsa.”

“Udzadya kuseka?”

“Nyama, amayi,” anatero abambo ali m'nyumba.

Anakwatirana chaka chomwecho. Amayi anatupa mwezi wathunthu, osatuluka masana kuopa mafunso a anthu. Atatsitsimuka anatembenukira kwa ine. Anayamba kufunsa za mnyamata wa tayi amene amandiperekeza pochokera kuntchito, dzina la udindo wake, ndiponso ngati ndinalowamo mu ofesi mwake n'kumupeza atakhala pampando.