Mamilimita Khumi ndi Awiri a Kumbuyo

Galimoto ya bambo inafika ku garaja Lachinayi pa 11 Epulo, itanyamulidwa pa lole. Ngozi inachitika Lachiwiri pa 2 Epulo, nthawi ili 2:40 masana, pamsewu wowongoka, wouma, wopanda dzenje. Anakagunda chipilala cha konkire cha pakamlatho. Anathyoka nthiti ziwiri ndi kuchekeka pachipumi. Palibe amene anaona.

Bambowo anali ndi zaka 74, ndipo 38 mwa zakazo anazithera pa chiwongolero cha malole. Aliyense wowafunsa ankamuyankha chimodzimodzi: "China chake chinandikankha kumbuyo."

Mwana wawo woyamba, mphunzitsi, sanakhulupirire. Makiyi ndi laisensi anazitenga tsiku lomwelo kuchipatala. Kwa mlongo wake wamng'ono, amene banja lonse linkangomutcha Chitsiriza, ananena kuti: "Iwe ndiye wa zitsulo. Ukapeza kuti anagundidwadi kumbuyo, ndiwabwezera. Ukapanda kupeza, basi, ayendetsa zawakwana."

"Ndipima," anatero Chitsiriza.

"Bampa yakumbuyotu sinakalike n'komwe."

"Bampa ndi pulasitiki, achimwene. Imalowa n'kubwerera. Chitsulo cham'kati sichibwerera."

Chitsiriza anali atagwira ntchito yowongola magalimoto zaka 16. Garaja yake inali shedi yaitali ya malata, ya pansi pa simenti, ndipo ankagwira ndi munthu mmodzi, mkulu wowotcherera zitsulo amene onse ankamutcha a Gasi.

Lachisanu m'mawa bambo anatulukira pakhomo atavala malaya osita ndi tayi, dzanja lili panthiti.

"A dalaivala!" anakuwa a Gasi. "Mwabwera kudzazonda wodwala?"

"Wodwala ndine. Uyu ndi maliro," anatero bambo, akuloza galimoto.

"Maliro otere timadzutsa tsiku lililonse. Khalani apa."

Anawakokera mpando wakale wa galimoto ina. Bambo ankafuna kukhala m'galimoto yawo, koma Chitsiriza anakana. "Mumalemera makilo 61, bambo. Mundisokonezera muyeso."

Anaikweza galimotoyo m'mwamba, mita imodzi ndi theka, naonetsetsa kuti yakhala molingana mbali zonse. Pansi pa galimoto iliyonse pamakhala mabowo oboola kufakitale, awiriawiri, lina kumanzere lina kumanja. Chitsiriza anasankha asanu ndi atatu: awiri kutsogolo, anayi pakati, awiri kumbuyo. Pabowo lililonse ankamangirira ulusi wokhala ndi kachitsulo kosongoka kumapeto, n'kudikira kuti kasiye kugwedezeka, kenako n'kulemba kamtanda ndi choko pasimenti pamene nsonga yaloza. Chasisi, mafupa achitsulo a galimoto, ikakhala yowongoka, tepi yochoka pangodya imodzi kupita pangodya yopingasa imafanana ndi inzake. Zikasiyana kupitirira mamilimita atatu, pena pake papindika.

Ntchito yake yambiri inali kudikira. Dzuwa linkalowa m'mabowo a misomali a padenga, timizere toyera titaima m'fumbi ngati ulusi winanso. Kachitsulo kankapita uku, kubwerera uku, pang'onopang'ono. Bambo anatsamira mpando, maso ali m'mwamba. Mimba ya galimoto yawo inali itasanduka denga: paipi ya utsi, thanki, matope ouma a misewu yonse imene anadutsa.

"Pali msewu wina," anayamba, osayang'ana munthu. "Makilomita 90 osakhota. Masana phula limasanduka madzi. Umaona lole ikubwera kutsogolo, matayala osagunda pansi, ikungoyandama. Umaiyang'ana theka la ola, siyifika. Tsiku lina ndinanyamula thonje, belo limodzi linang'ambika. Pagalasi ndinkangoona kuyera kukuuluka m'mbuyo mwanga, msewu wonse mbuu. Sindinaime. Zinkakoma kuona."

"Abwana anakulipirani bwanji?" anafunsa a Gasi.

"Anandilipira ndi pakamwa."

Kachitsulo kanaima. Chitsiriza analemba kamtanda komaliza. Pasimenti panali patagona galimoto ina ya choko, yopanda matayala, yopanda zitseko, madontho asanu ndi atatu okha. Anagwada ndi tepi, a Gasi atagwira kunsonga.

Pakati panali bwino: kusiyana kwa milimita imodzi. Kutsogolo, chitsulo chakumanja chinali chitabwerera m'mbuyo ndi mamilimita 46, monga mmene chipilala chinachisiyira. Anapima kumbuyo. Anapimanso. Anasinthana malo ndi a Gasi n'kupima kachitatu.

"Kumanzere kwafupika ndi 12."

A Gasi anaomba m'manja. "Ndiye anakugundanidi, madala! Mbava ya munthu, kugunda nkhalamba n'kuthawa!"

"Nkhalamba ndi ndani?" anatero bambo, koma anali akukonza tayi. "Muimbire mkulu wako. Umuuze abweretse makiyi anga, abwere ndi manyazi ake omwe."

Foni inali m'thumba la ovololo. Chitsiriza anaigwira, n'kuisiya. Anali ndi lamulo limene sanaliphwanyepo: tepi imangonena kuti papindika, sinena kuti panapindika liti. Sauza mwini galimoto chilichonse asanagwire ndi chala pamalo popindikapo.

Anayamba kumasula bampa. Mabawuti anali anayi. Atatu anali a fakitale, a sipanala ya 10. Bawuti lachinayi linali la sipanala ya 12, lalitali, lochita kudula ndi sowo. Bampa itachoka, analowetsa tochi kuseri kwa tayala lakumanzere. Chitsulo chinali ndi khwinya, monga mmene tepi inanenera. M'khwinyamo munali kachisa ka dothi ka mavu, kathunthu, kopanda mng'alu, timabowo take titatseguka: ana anatulukamo kalekale. Anakanda pambali ndi sikuludiraiva. Penti wakuda anasupuka, kenako phala lomatira, lokhuthala ngati chala, losapalidwa bwino. Pansi pake panali dzimbiri lofiira, lofumbutuka.

Dzimbiri lotere silibwera m'masiku khumi. Limafuna nyengo yathunthu ya mvula.

Anakhala pansi pa galimotoyo kanthawi, tochi ili chiyakire. A Gasi anasuzumira, anaona, ndipo anati akukagula ndudu, ngakhale anasiya kusuta zaka zisanu zapitazo.

Chitsiriza anachotsa kachisako ndi mpeni n'kukaika m'dzanja la bambo ake.

"Anamata ndani?"

Bambo anakatembenuza kawiri. "Mavu."

"Phala, bambo."

Kunja kunadutsa njinga yamoto. Phokoso lake litatha, bambo anati: "Mnyamata wina wa kuseri kwa msika."

"Mwana wanu ali ndi garaja, inu n'kupita kuseri kwa msika?"

"Iwe ukanafunsa mafunso. Uja sanafunse."

"Linali liti?"

"Ogasiti. Pa 19, Loweruka." Masiku sankaiwala, m'malole ankalemba ulendo uliwonse. "Ndinaima pachitunda, pa maloboti. Ndinaponda buleki bwinobwino. Kenako ndinali pamsewu wa thonje uja. Ndithu ndikukuuza, mayi, ndinkamva fungo la dizilo, dzuwa likuotcha mkono uwu. Pobwerera ndinapeza galimoto yatsetsereka chambuyo, yatsamira mpanda wa eni."

"Ndi pa 2 Epulo?"

"Chimodzimodzi. Sikuti ndimagona ayi. Maso amakhala otsegula. Ndimangopita." Anayang'ana galimoto m'mwambamo. "Ndipo pobwerera pamakhaladi ngati wina wandikankha kumsana. Sindinaname kwenikweni."

"Kangati?"

"Pa chiwongolero, kawiri. Pampando kunyumba sindiwerenga. Kumeneko n'kwaulere."

Chitsiriza anakhala pa tayala moyang'anana nawo. Anali bambo amene anamuphunzitsa kusintha magiya ali ndi zaka 13, atamuikira pilo kumsana.

"Ungomuuza mkulu wako za 12," anatero bambo motsitsa mawu. "Si bodza. Tepi yanena. Zinazi ndi za mavu."

"Pakamlatho paja pamadutsa ana a sukulu 3 koloko."

"Inali 2:40."

"Eya. Inali 2:40."

Bambo anaika kachisa kaja pansi mosamala, pambali pa nsapato.

Chitsiriza anaimba foni ali pomwepo, kuti amve. "Achimwene, ndapima. Kumbuyo kuli kupindika kwa mamilimita 12, koma n'kwa Ogasiti chaka chatha. Pa 2 Epulo sanagundidwe ndi munthu. Lolemba tiwaperekeze kwa dokotala, ndipo akanene zonse, osati za nthiti zokha."

Mawu a mkulu wake anayamba kukwera m'foni. Bambo anatambasula dzanja, nailanda. "Iwe mphunzitsi. Usakondwe kwambiri. Mlongo wako wandigwira ndi chida, iwe unangolota." Anadula.

Kuwongola kunatenga masiku asanu ndi limodzi. Anaimanga galimotoyo pabenchi yachitsulo ndi zopanira zinayi, nakoleka tcheni kuchitsulo chakutsogolo. Sankakoka kamodzi. Ankapopa jeke mpaka tcheni italira, kenako a Gasi ankagogoda m'mbali mwa khwinya ndi nyundo kuti chitsulo chipume, iye n'kumasula, n'kupima. Chitsulo chimabwerera pang'ono ukachisiya, choncho ankakoka mopitirira ndi mamilimita awiri kapena atatu. Kuchoka pa 46 anafika pa 30, kenako 17, kenako 6. Nsonga yake inali itaphwanyika moti sikanawongoka. Anaidula n'kuwotcherera ina. Kumbuyo anapala phala lonse la kuseri kwa msika, nakoka, napaka mankhwala a dzimbiri.

Bambo ankabwera tsiku lililonse kupatula Lolemba, atavala tayi. Dokotala anawapatsa mapiritsi ndi tsiku lokajambulitsa mutu, pa 14 Meyi, ndipo anawaletsa kuyendetsa. Ankakhala pampando uja, kumvetsera chitsulo chikudandaula. Nthawi zina ankakangana ndi a Gasi za injini zakale. Nthawi zina ankangokhala chete, fumbi likuyandama pamaso pawo, ndipo a Gasi ankasiya nyundo mpaka atayambanso kuyankhula.

Lachisanu pa 26 Epulo penti anauma. Muyeso womaliza unasiyana ndi mamilimita awiri. Mphunzitsi anabweretsa makiyi m'mawa n'kuwapereka kwa mlongo wake, osati kwa bambo. Galimoto yowongoledwa imayenera kuyesedwa pamsewu, kuti aone ngati ikukokera mbali.

Bambo anazungulira kutsogolo mwa chizolowezi, anafika pachitseko cha dalaivala, anaima. Kenako anazunguliranso. Kumpando winawo analimbana ndi lamba, nafufuza kachitsulo kosunthira mpando kumbali yolakwika.

"Anthu amakhala bwanji kuno? Kulibe chogwira."

"Gwirani mawondo."

Anatuluka pageti nthawi ya 3:15. Asanafike pamphambano yoyamba, bambo anali atanena kale kuti akuchedwa kulowetsa giya yachitatu, kuti akutsamira kalachi, ndiponso kuti amene anamupatsa laisensi ayenera kumangidwa. Pamsewu waukulu Chitsiriza anafika pa 60 n'kumasula manja pachiwongolero pang'ono. Galimoto inapita mowongoka.

"Mwaona, bambo? Siikukoka."

Chitsiriza anacheuka kuyang'ana bambo. Maso awo anali otsegula, akuyang'ana kutsogolo, kutali kupitirira pamene msewu unkathera. Nkhope inali itamasuka, milomo ikumwetulira pang'ono. Dzanja lamanja linali m'mwamba, zala zitapinda pa chinthu chimene panalibe.

Chitsiriza anachotsa phazi pamafuta, nayamba kuwerenga chamumtima. Mitengo ya magetsi inkadutsa. Anafika pa masekondi asanu ndi awiri. Pa liwiro la 60, amenewo ndi mamita 117.

Bambo anadzidzimuka ngati wina wawakhudza kumsana. Anayang'ana dzanja lawo, naliika pabondo.

"Tafika pati?"

"Tangodutsa sitolo ya matayala."

"Chabwino." Anapumira m'mwamba. "Usakhotere kunyumba msanga. Pitirira pang'ono, mayi. Koma giya iyi, ndakuuza kale, ikulira."

Chitsiriza analowetsa yachinayi.