Ndalama Zosawoloka Malire

Ine ndine telala, ndalama ndimaipeza ndi msana. N'chifukwa chake tsiku limene ndinapita kubanki kukatumiza ndalama za mayeso a mwana wanga, mtsikana wa pakauntala atandiuza zimene adule, ndinamufunsa ngati ndalamazo zikwera ndege n'kumadya m'njira. Iye anaseka. Ine sindinaseke, ndinakumbatira chikwama changa n'kubwerera kushopu.

Mwanayo ndi mmodzi yekha amene malemu amuna anga anandisiyira, ndipo amaphunzira unamwino kunja. Sukulu anapeza mwayi womulipirira, koma mayeso omaliza, opatsa munthu chiphaso chogwirira ntchito, aliyense amadzilipirira yekha. Amalembetsa kamodzi pachaka. Ukaphonya, basi, chaka chapita.

Masana omwewo kushopu kunatulukira azakhali ake a mwanayo, mchemwali wa malemu amuna anga. Anabwera kudzatenga siketi, yaulere monga mwa masiku onse. Nditawadandaulira za kubanki, anawomba m'manja.

"Alamu, mukuvutikiranji ngati mulibe abale? Achimwene ali mumzinda womwewo ndi mwanayo. Njira yathu ija palibe wodula ngakhale kakobidi."

Achimwene awowo ndi mng'ono wawo wa amuna anga. Anthu amawatcha a Jekete, chifukwa akabwera kutchuthi savula jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ankamanga nyumba kuno, ndipo njira yawo inali yotere: iwe upereke ndalama zako kuno kwa azakhali, iwo akagulire simenti ya nyumbayo, a Jekete apereke zofanana kwa m'bale wako kunjako. Ndalama siwoloka malire, banki ingoyasamula. Amayi ambiri a mumsika amene ana awo ali kunja ankadzera komweko.

Ndinapereka zonse. M'kati mwakemo munali ndi za makina anga osokera m'mphepete mwa nsalu, amene ndinagulitsa kuti zikwane.

Loweruka loyamba mwana anapita kwa a Jekete. Anamupatsa mbale kuti atsuke, kenako n'kumuuza kuti khadi la kubanki latsekedwa. Loweruka lotsatira mwanayo anawasitira malaya, iwo akuti mtengo wosinthira ndalama wagwa, tidikire ukwere, tisaluze. Linalo anamupatsa ya basi yokha. Ine kuno ndikaimba, foni yawo imangolira. Azakhali amvekere, "Musadandaule alamu, achimwene ndi munthu wotanganidwa."

Tsiku lolembetsa linadutsa.

Mwana wanga atandiimbira sanalire. Anangoti, "Amayi, atseka. Ndidikira chaka chamawa, ndapeza ganyu yosamalira nkhalamba. Miyendo ija ikutupabe?" Mayo ine! Bola akanalira. Ndinakhala pansi pakati pa zidutswa za nsalu, ndipo kunena zoona, a Jekete akanakhala pafupi tsiku limenelo, sizasi yanga ikanagwira ntchito ina.

Nditawapeza pafoni, anayankhula ngati akudzudzula wantchito.

"Alamu, mwana ameneyu amadya kwathu Loweruka lililonse. Mumayesa chakudya cha kuno n'chotola? Nkhani ya ndalama tidzaiona."

Mawa lake ndinadzera kumalo amene ankamanga. Khoma linali litafika m'mawindo. Ndinaima pamsewu n'kuliyang'anitsitsa, ndikudziwa bwinobwino kuti simenti yagwira njerwazo ndi chaka cha mwana wanga.

Achibale anabwera ndi mawu awo aja, akuti chibale ndi fupa sichiwola, khululukani. Ndinati zikomo. Ndinapitiriza kusokera azakhali zaulere, ndikumwetulira mpaka masaya kuwawa. Iwo anayesa kuti mkazi wamasiye waiwala. Sindinaiwale. Ndinkadzuka nayo nkhaniyo, kupalasa nayo makina, kugona nayo.

Kasitomala wanga wina, wogulitsa mafoni, ndi amene anandionetsa kutumiza ndalama kunja pafoni. Amadula inde, koma kangachepe, ndipo zimafika munthu usanamalize kumwa tiyi. Ndinadzitukwana ndekha. Kuthawa kangachepe kameneko ndi kumene kunandipereka m'manja mwa afisi. Kuyambira pamenepo, mayi aliyense wokhala ndi mwana kunja akabwera kudzayezetsa diresi, tepi ili m'chiuno, ine ndili, "Tatulutsani foni yanuyo ndikuonetseni kanthu." A Jekete sindinawatchule ngakhale kamodzi. Panalibe chifukwa, aliyense anali ndi kake kamene kanachedwapo kapena kufika koperewera. Mmodzimmodzi anasiya kupita kwa azakhali, ndipo nyumba ija inaima, makoma ali yasa, opanda denga.

Chaka chinazungulira, mvula inayandikira, mayeso nawo anayandikira. Ndinali nditasonkhanitsanso ndalama, ndipo ndinaonetsetsa kuti azakhali amva. Sanachedwe. Anafika ndi kabotolo ka mafuta odzola, akuti mphatso.

"Alamu, zakale zinapita. Achimwene akufuna kutumiza ya malata mvula isanagwetse makoma, koma mukuwadziwa, zodulidwa kubanki safuna n'kumva komwe. Inunso mukufuna kutumiza. Bwanji tithandizane?"

Ndinapitiriza kulowetsa ulusi m'singano.

"Palibe vuto, alamu. Koma ulendo uno ayambe kupereka ndi iwo. Mwana akalandira, inu mudzatenge kuno."

Anaimba pomwepo, n'kukweza mawu a foni kuti ndizimva. A Jekete anayamba ndi kunyada, akuti iwo si munthu wokayikiridwa. Azakhali anawakumbutsa kuti kalipentala wokhoma denga akufuna kupita ku ntchito ina ndipo malata akukwera mtengo. A Jekete anaseka.

"Chabwino. Alamu angathawire kuti? Shopu yawo ndi yomweyo."

Mwana sindinamuuze zimene zinali mumtima mwanga. Ndinangoti, "Ukalandira usadzere kwina kulikonse, usakhale ngakhale pampando. Upite ku ofesi ya mayeso, ulipire, undiuze."

Tsiku loperekalo azakhali analawirira. Anabwera ndi kalipentala, bambo wofatsa wa pensulo kukhutu, ndipo panja panaima kalole kokanyamula malata. Ndinawapatsa mipando. Ndinali kuika zipi pa yunifolomu ya mwana wasukulu pamene foni inalira.

"Amayi, ndalipira. Dzina langa lalowa."

Ndinati zikomo mwananga, n'kuika foni pathebulo. Ndinamaliza zipi ija bwinobwino, n'kudula ulusi.

"Zatheka, eti?" anatero azakhali, akutsegula chikwama. "Tipatseni tizipita, lole ikudikira."

"Ndikupatseni chiyani?"

"Ndalama, alamu. Achimwene apereka."

"Eya, apereka. Ndawathokoza. Zimenezo ndi zija ndinakupatsani chaka chatha. Zachedwa m'njira, koma zafika."

Kalipentala anayang'ana pansi, mapewa akugwedezeka.

"Alamu, musachite chibwana! Nanga denga?"

"Denga lidikire chaka chamawa. Chaka sichipha munthu, mwana wanga wadikira."

Iii, kunali moto. Anaimbira a Jekete, ndipo mawu awo anadzaza shopu yonse mpaka wometa wa khomo linalo anasuzumira, makina ometera ali m'manja. Akuti ndine wakuba, ndine mfiti, akaitanitsa abale onse, akandisumira. Ndinawafunsa kuti kukhotiko akanena kuti ndalama zinayenda bwanji, poti njira yawo ilibe lisiti. Anasintha nyimbo, akuti mwana wanga asadzapondenso pakhomo pawo.

"Zimenezo ndiye mwanena zanzeru, alamu," ndinatero. "Mbale muzitsuka nokha."

Ndisaname, ndinamva kukoma. Osati pang'ono. Kukoma kwake kunatsika mpaka m'miyendo yotupayi. Anthu amati kubwezera sikuchiza, koma ine tsiku limenelo ndinapuma mpweya wofika pansi.

Woyendetsa lole analowa kudzafunsa amene alipire mafuta ake. Ndinamulozera azakhali ndi sizasi. Anatuluka onse akukangana, azakhali akulumbira kuti chibale chathera pompo, siketi yawo ina n'kuiiwala pamsomali.

Pasanapite nthawi mwana anaimbanso.

"Amayi, mwachita chiyani? Bambo aang'ono akungondiimbira, akutukwana zoopsa."

"Dzina lako lalowa?"

"Lalowa."

"Angalichotse?"

"Ayi, sangathe."

"Ndiye zima foniyo ukawerenge, mwananga. Zotukwanazo ndi zanga, ndizimva ndekha kuno."