Kalata Imene Sanaipemphe

Wokonza mawotchi wina anali munthu woona mtima, koma kuona mtima kwake kunali mpeni wopanda chigwiriro, wocheka amene ali nawo pafupi. Sankakhulupirira kuti kuli Mulungu, ndipo sankabisa. Mkazi wake anali Mkatolika. Popeza ukwati wawo sunadalitsidwe m'tchalitchi, mayiyo anamva Misa zaka makumi atatu ali pa benchi ya kumbuyo, akupinda miyendo kuti anzake adutse kukalandira Ukalistia. Mayiyo atamwalira, mwana wawo wamkazi analeka kulankhula ndi bambo ake.

M'mawa mwake, mkuluyo analowa mu ofesi ya parishi, chipewa chili m'manja. Wansembe anachotsa mabuku a nyimbo pa mpando namukhazika.

"Abambo, sindinabwere kudzatembenuka," anatero wokonza mawotchi. "Musavutike kutunga madzi."

"Amene ndili nawo ndi a tiyi okha," anayankha wansembeyo. "Pepani ndi zovutazi, achikulire."

"Ndabwera kudzapempha Misa ya maliro. Mlandu ndi wanga, si wake. Lamulo lanu linkafuna kuti ndibatizidwe kaye, ndipo ine sindikanatha kuima pa guwa n'kumanama."

"Misa ichitika mawa, musade nkhawa. Mayi ndinawadzoza ndekha kuchipatala, ndipo analandira Ukalistia." Wansembeyo anavula magalasi. "Koma za kubatizidwazi anakuuzani ndani?"

"Akatekisiti a nthawi imeneyo, malemu aja."

"Analakwitsa. Lamulo silitero. Inu mukanakhala momwe mulilimu. Mayi akanalonjeza kusunga chikhulupiriro chawo ndi kuyesetsa kulera ana mu mpingo, inu n'kungodziwitsidwa. Kenako kalata imodzi yopempha chilolezo kwa Ambuye Episkopi. Milungu itatu, mwina inayi."

Mkuluyo anayang'ana wotchi ya pa khoma kwa nthawi yaitali. Inkatsalira ndi mphindi zinayi, koma tsiku limenelo sananene.

"Ndiye ulamuliro wanuwo uli kuti, Abambo?" anafunsa motsitsa mawu. "M'buku, kapena m'kamwa mwa munthu woima pa khomo? Mkazi wanga bukulo sanalionepo. Kwa iye, mpingo unali akatekisiti aja."

"Yankho lokoma ndilibe. Ine ndimakhulupirira kuti mpingo unapatsidwa makiyi. Koma makiyiwo amagwira ndi anthu, ndipo ena amatseka chitseko chimene anatumidwa kutsegula. Nanenso ndakhala pano zaka zisanu ndi chimodzi ndikuwaona mayi pa benchi ija. Ndinkayesa kuti nkhaniyo inaweruzidwa kale. Sindinafunse."

"Mwayankha ngati munthu. Ndimayembekezera ulaliki."

"Ulaliki ndi wa mawa," anatero wansembeyo. "Mwana wanu anali pano dzulo, akulira kuti munamana mayi ake Ukalistia. Ndiloleni ndinene pa Misa, pamaso pa onse, kuti cholakwa chinali chathu. Akamva kuchokera kwa ine, adzabwerera kwa inu."

Wokonza mawotchi anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Ndinu munthu wabwino, Abambo, ngakhale bwana wanu wakumwambayo sindimudziwa. Koma ayi. Ine munthu akandibweretsera wotchi nati yafa, sindimvera. Ndimaitsegula kuti ndidzionere ndekha. Mabuku anu onse ndinawatsutsa tsamba ndi tsamba. Koma mawu a akatekisiti ndinawameza osatafuna, chifukwa anandikomera: anandipatsa chodandaulira mpingo. Kawiri konse mayi a mwanayu anandipempha kuti tikafunsenso. Ndinawayankha kuti ine sindigwadira munthu." Anatembenuza chipewa m'manja mwake, napitiriza. "Mwanayo walakwitsa lamulo, koma bambo ake sanawalakwitse."

"Achikulire, katundu ameneyu si wosenza munthu mmodzi. Theka lake ndi lathu."

"Lanulo mukakambirane ndi Episkopi wanu. Mawa nenani za mkazi wanga, za ine musatchule." Anaimirira, navala chipewa. "Zikomo, Abambo. Ndamva, koma zisiyeni."