Mipando ya a Pulofesa Raafat

Dokotala Nihal ankaphunzitsa ophunzira udokotala mumzinda wa Alexandria, m'chipinda chodzaza zidole za mphira zazikulu ngati anthu. Zidolezo zinkapuma, zinkatsokomola, ndipo akadina batani mtima wa chidole unkagunda ngati wa munthu wodwala. Wophunzira akalakwitsa panalibe womwalira, ankangoyambiranso.

Tsiku lina m'chipindamo munalowa a Pulofesa Raafat, amene anamuphunzitsa Nihal kalekale asanapume pantchito. Anali atawonda, akuyenda ndi ndodo. Anabwereka chomvera mtima cha Nihal n'kuchiika pachifuwa cha chidole.

"Mwana wanga, wodwala wakoyu ndi waulemu kwambiri," anatero. "Sabuula, saiwala mankhwala, alibe apongozi omuyankhira mafunso."

Ophunzira anaseka.

Potuluka anamuitanira Nihal pambali. "Mtima wanga wayamba kuvuta. Phokoso lake ndi lija ndinkakuzunza nalo pa mayeso. Bwera nawo anawa kunyumba adzamve lenileni ndikadalipo."

"Musatero aphunzitsi, Mulungu akupatseni moyo wautali. Tibwera ndithu, mayeso akangotha."

Mayeso anatha, koma kunabwera alendo odzaona zidole zatsopano. Kenako mwezi wosala kudya wa Ramadani unayamba, ophunzira n'kumaweruka msanga. A Raafat anaimba foni akuseka. "Adokotala, wodwala wanu akadali pamzere." Nihal analonjeza kuti abwera chikondwerero cha Idi chikangodutsa.

A Raafat anamwalira Idiyo isanafike.

Nihal anapita kukapepesa maliro. Akazi a malemuwo, mayi Ihsan, anamupatsa khofi wopanda shuga n'kumukhazika pambali pawo. M'nyumbamo munadzaza amayi, koma aliyense anali ndi pokhala.

"Mipando iyi amuna anga anakabwereka okha kwa anansi, amati ndi ya ophunzira ako," anatero mayiwo, mawu awo opanda mkwiyo. "Ndinkawauza kuti tibweze, eni ake akuifuna. Iwo ankangoti dikira, Nihal sanama, wangotanganidwa. Lero ndiye yatithandiza."

Nihal anaika kapu pansi.

"Kodi akanabwera angati, mwana wanga? Ankada nkhawa kuti makapu a tiyi satikwanira."

Nihal anayang'ana mipandoyo. Anali asanawauze n'komwe ophunzira ake za ulendowo.